Kuseri kwa Phiri Kuli Yani? Nkhondo za Patebulo ndi Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mnyamata aliyense amene anawetapo ng'ombe m'mapiri a ku Dowa amadziwa chinthu chimodzi chimene anthu okulira m'tauni amachedwa kuchimvetsa: kukwera pansonga penipeni pa phiri si kuona zonse. Akaima pamwamba, maso ake amathamangira kutali. Amaona madenga a malata akunyezimira m'midzi ya kutsidya, utsi wa otentha tchire, ndi msewu wa ku Salima ukupindikapindika pakati pa Chezi ndi Mvera. Koma ng'ombe zimene zatsetserekera kunsi kwa phiri lomwelo, mamita 200 okha kuchokera pamene waimapo, zimangoti zii. Mimba ya phiri yazibisa. Kuti azione ayenera kutsikako pang'ono, kukaima pamene phiri layamba kupendekeka, ndipo kawirikawiri amakazipeza zili kale m'munda mwa eni.

Nzeru ya kubusa imeneyi, imene kuno ku Malawi palibe amailemba m'buku, ndi imene imakanganitsa akuluakulu a ndevu zawo ku Nottingham, ku Auckland ndi ku Johannesburg Loweruka madzulo. Amakhala atazungulira tebulo la mafiti 6 mulitali ndi mafiti 4 mulifupi. Patebulopo pali timapiri, timitengo, tinyumba, ndi tiasilikali totalika masentimita atatu okha, timene eni ake anachezera nato usiku akutipenta ndi kaburashi. Aliyense ali ndi tepi yoyezera, madayisi m'manja, ndi buku lochindikala la malamulo. Awa ndi masewera a nkhondo za patebulo. Malamulo ake ndi ankhaninkhani, koma mikangano yake yambiri imabadwira pa mafunso awiri. Kodi msilikali wangayu akumuona wakoyo? Nanga bomba lagwera pati, ndipo laphimba yani?

Pa bawo palibe chobisika. Nkhomo zonse zili poyera, ndipo wodyedwa amadyedwa akuona. Pa drafuti chimodzimodzi. Nkhondo ya patebulo imapatukira pamenepa. Wosewera waimirira pamwamba pa tebulo ngati kabawi, akuona kuseri kwa phiri lililonse, koma kasilikali kake kali pansi m'udzu, ndipo sikakuona zimene mwini wake akuona. Ntchito yonse ya lamulo limene Angerezi amalitcha line of sight ndi kumulanda wosewerayo maso a kabawi n'kumubwezera maso a munthu woyenda pansi. Lamulolo likafooka, masewera amasanduka masamu chabe: wa mfuti zambiri amakhala atapambana asanaponye n'komwe dayisi.

Masewerawa sanayambe ngati chibwana. Mu 1812 mkulu wina wa ku Prussia, Georg Leopold von Reisswitz, anapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm III tebulo lokhala ndi timapiri, timitsinje ndi timisewu totheka kusinthasintha. Mwana wake, amene anali msilikali wa gulu la mizinga, anakonzanso malamulowo n'kuwasindikiza mu 1824. Iye anabweretsa mapu enieni a malo, timatabwa tofiira ndi tabuluu toimira magulu a asilikali, komanso munthu wachitatu, woweruza. Woweruzayu ndiye ankasunga chinsinsi. Gulu la adani silinkaikidwa pamapu mpaka asilikali a mbali inayo atafika poti angalione ndi maso. Masewerawo ankatchedwa Kriegsspiel, ndipo Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, asilikali a mayiko ena anathamangira kukawaphunzira. Mphukira yake idakalipo. Kulikonse kumene kuli asilikali, mtsogoleri asanatume anyamata ake amayamba waumba malowo pansi ndi mchenga, miyala ndi timitengo, n'kuwalozera kuti apa pali chigwa, apa mdani angatione, apa ayi. Dowa si mlendo ku zimenezi, pakuti ku Mvera ndi kumene kuli Support Battalion ya Malawi Defence Force.

Amene anawatulutsa masewerawa m'manja mwa asilikali n'kuwaika pansi m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi H. G. Wells, m'buku lake la mu 1913 lotchedwa Little Wars. Kwa Wells nkhani ya kuona inalibe mkangano. Mizinga yake inali zidole za sipuling'i zimene zinkalavula kamtengo kenikeni. Wosewera ankagwada pansi, kutsinzina diso limodzi, n'kuombera. Kasilikali kakagwa ndiye kuti kafa, kamtengo kakagunda khoma ndiye kuti khoma lakapulumutsa. Poyala asilikali, pakati pa bwalo ankatchingapo nsalu kuti wina asaone mmene mnzake wakonzekera. Patangotha chaka chimodzi bukulo litatuluka, ku Ulaya kunabuka nkhondo imene mizinga yake sinkafunanso kumuona munthu kuti imuphe.

Kamtengo katalowedwa m'malo ndi madayisi, panafunika lamulo lolembedwa, ndipo osewera anagawikana pawiri mpaka lero. Ena amati diso ndilo liweruze. Wosewera awerame, aike diso lake kumbuyo kwa mutu wa kasilikali kake, ndipo ngati akuona thupi la mdani, ngakhale mwendo wokha pansi pa mpanda, aombere. Kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham inalimbikitsa njira imeneyi mu 2008 m'masewera ake otchuka a Warhammer 40,000, ndipo osewera ambiri anayamba kuyenda ndi katochi ka laser kolozera. Njirayi imakoma chifukwa imamutsitsa munthu pansi, koma inabweretsa ukathyali wakewake. Panapezeka ena omata tiasilikali tawo chogwada kuti tisaoneke kuseri kwa khoma, ndipo mpaka malamulo anachita kunena kuti mbendera, mapiko ndi nsonga ya mfuti siziwerengedwa ngati thupi.

Ena amati ayi, tebulo ndi chithunzi chabe. Akayala kansalu kobiriwira n'kuimikapo timitengo titatu, ndiye kuti ponse pali nsalupo ndi nkhalango yowirira. Munthu angaone wa m'mphepete mwake, koma sangaone kubzola nkhalangoyo mpaka kutsidya, ngakhale diso la wosewera likudutsa bwinobwino pakati pa timitengoto. Games Workshop yomweyo inabwerera pang'ono ku maganizo amenewa mu 2020, itaika lamulo lakuti mabwinja aatali amatchinga kotheratu.

Masamu ali kumbali ya gulu lachiwirili. M'masewera a Bolt Action, onena za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kasilikali ndi kochepa ka 56 poyerekeza ndi munthu weniweni, ndipo mfuti yake imafika mainchesi 24 patebulo. Kuchulukitsa ka 56, mtunda umenewo ndi mamita 34 okha, wosafika ngakhale pakati pa bwalo la mpira. Mfuti yeniyeni imapha pa mamita mazanamazana. Ndiye kuti mtunda wa patebulo anachita kuufinya, koma msinkhu wa kasilikali sanaufinye. Phiri la patebulo lotalika masentimita 5, poliyeza ndi msinkhu wa kasilikali koima pambali pake, ndi chulu basi. Nanga phiri la Ntchisi, limene nsonga yake ili mamita oposa 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kukacha bwino munthu ali pamwamba amaona Nyanja ya Malawi kunsi kwake, lingakwane bwanji patebulo loti diso lokha liweruze? Dziko ngati limeneli limafuna lamulo lodziwa mimba ya phiri, lonena poyera kuti woima pansonga saona m'tsinde.

Ndipo m'mapiri amenewa lamulo limenelo linali la moyo ndi imfa. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Cha m'zaka za m'ma 1870, gulu lotsogozedwa ndi Chiwere Ndhlovu, limene linapatuka kwa Angoni a kumpoto, linali litakhazikika m'mapiri a Dowa, ndipo midzi ya Achewa ya m'zigwa inalawa mkondo ndi chibonga. Ena anagonja n'kumapereka msonkho wa chimanga ndi anthu. Ena anamanga malinga. Ena anakwera mapiri. Anthu a ku Ntchisi amasimba kuti nkhalango ya paphiri lawo inali pothawira makolo awo m'masiku amenewo, ndipo cha kumwera, ku Nkhoma, anthu a Mazengera ankakhala pamwamba pa phiri mpaka amishoni anawapeza mu 1896. Amishoni omwewo a Dutch Reformed, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, anali atayamba ku Mvera mu 1889 m'dziko la Chiwere, kenako Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894. Wofuna kumva fungo la masikuwo awerenge mabuku a Samuel Josia Ntara, mlembi wa ku Dowa komweko, makamaka Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi imene inaona nkhondozo ndi maso n'kukhala ndi moyo kufikira m'nthawi ya Azungu.

Chimene phiri linkapatsa munthu si mphamvu ayi, koma nthawi. Mlonda akaona zishango zikubwera kutali, mfuu inkamveka, amayi n'kubereka ana, nkhalamba n'kuyamba kukwawa chokwera adani adakali kutsidya kwa dambo. Uta ndi mfuti ya gogodera sizinkafika patali, choncho kuona mdani kunkatsogola kwambiri kuposa kumulasa. Koma phiri lili ndi ngongole zake. Madzi ali kunsi. Minda ili kunsi. Mayi wopita kukatunga ankachoka m'maso mwa alonda atangodutsa mimba ya phiri ija, ndipo Angoni, podziwa kuti masana aoneka, ankakonda kufika m'bandakucha. Buku la malamulo limene limangoti "woima paphiri awonjezere chimodzi pa dayisi" silinamvetse kanthu za phiri.

Palinso china chimene mabuku olembedwa ku Ulaya sachilabadira kwenikweni: kuno maso amasintha ndi nyengo. Malo amodzi omwewo, mu Febuluwale chimanga chafika m'mutu ndipo tsekera wawirira, munthu angadutse mamita khumi osaoneka. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imakuta phiri la Ntchisi m'mawa, mnzako n'kumangomumva mawu. Mu Okutobala tchire lapsa, lupsa lili mbee, ndipo ngakhale gwape amaonekera patali, koma utsi ndi fumbi zimameza mapiri a kutsidya. Chimene sichisintha chaka chonse ndi msitu wa kumanda, umene palibe amautema, ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ngati Lingadzi. Tebulo loona la Dowa liyenera kuyamba ndi funso lakuti uno ndi mwezi wanji.

Kenako kunabwera mzinga. Mu 1888 Mzungu wina, Frederick Lugard, anayesa kuthyola linga la Kopakopa ku Karonga ndi mfuti zokha, ndipo anabwerako chipolopolo chitamuboola manja onse awiri. Mu Disembala 1895 Mzungu mnzake, Harry Johnston, anafika ndi mizinga pa linga la Mlozi, kufupi ndi komweko, n'kuliphulitsira mabomba kufikira linagwa. Mlozi anapachikidwa pa 4 Disembala. Mwezi womwewo mudzi wa Mwase ku Kasungu unagwanso, ndipo mu Januwale 1898 Angoni a Mpezeni, kumene lero kuli Chipata, anakumana ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Chiwere sanamenyane nawo Azungu. Linga, limene kwa zaka zambiri linali chitetezo, tsopano linasanduka msampha, chifukwa linkasonkhanitsa anthu pamalo amodzi pamene bomba silikanaphonya.

Mizinga ya masiku amenewo inali ing'onoing'ono, ya bomba lolemera makilogalamu atatu okha, ndipo inkayenda pamitu ndi pamapewa a amtengatenga atayimasula zidutswazidutswa. Woombera ankafunikabe kuchiona chimene akuombera. Kusintha kwakukulu kunaonekera pa nkhondo ya Russia ndi Japan ya 1904 mpaka 1905, pamene mizinga inayamba kubisala kuseri kwa mapiri, munthu mmodzi yekha n'kukwera pamwamba ndi telefoni kumakauza anzake kuti onjezerani, chepetsani, kumanzere pang'ono. Kuyambira pamenepo diso ndi dzanja zinasiyana malo. Woona saombera, woombera saona, ndipo amene bomba likumugwera saona aliyense wa iwo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Kuika zimenezi patebulo ndi kumene kwadya mitu ya olemba malamulo. Kwa zaka zambiri Warhammer 40,000 inkagwiritsa ntchito timbale ta pulasitiki toonekera mkati, totchedwa template, kena ka mainchesi 3, kena ka mainchesi 5. Wosewera ankaika kambale pamwamba pa adani n'kuponya dayisi lapadera, limene mbali zake zinayi zili ndi mivi yolozera ndipo ziwiri zili ndi chizindikiro chakuti walasa. Likagwa pa muvi, kambale kankasunthidwa kulowera kumene muviwo waloza, mtunda wake n'kuuwerenga pa madayisi ena awiri. Aliyense wopezeka pansi pa kambale, mdani kaya mnzako, anali m'madzi. Mzinga woombera mosaona unkaloledwa, koma bomba lake linkasochera mtunda wonse popanda kuchotserapo luso la woombera.

Ndi lamulo lokoma, chifukwa mtima umagunda pamene kambale kakutsetsereka kulowera kwa asilikali ako omwe. Koma linkachedwetsa masewera. Wosewera wochenjera ankatha nthawi akutalikitsa tiasilikali take kamodzikamodzi ndi tepi, mainchesi awiri awiri, kuti kambale kasaphimbe tambiri. Muvi wa dayisi ukagwera kutali ndi kambale, wina ankati waloza uku, mnzake ankati ayi, uko. Mu 2017 kampaniyo inataya timbale tonse n'kunena kuti dayisi lingotchula chiwerengero cha olasidwa. Mikangano inachepa, koma bomba linasiya kusiyanitsa gulu lothinana ndi lomwazikana, choncho mu 2020 anaikamo lamulo lakuti gulu lalikulu lizilandira zambiri. Atazindikira kuti mizinga yobisala kuseri kwa nyumba ikungosesa matebulo, mu 2022 anailanga: woombera mosaona aziphonya kwambiri, ndipo woomberedwa azitetezeka kwambiri.

Bolt Action, imene inatuluka mu 2012 ndipo inalembedwa ndi Alessio Cavatore ndi Rick Priestley, inagwira bwino mtima wa nkhaniyi. Mfuti ya mortar ikayamba kuombera malo amene mlonda wake akuwaona, imalasa pokhapokha dayisi litagwa pa 6. Ulendo wachiwiri, ngati mdani sanasunthe, 5 akwanira. Kenako 4. Ikangolasa kamodzi, yapeza mtunda, ndipo kuchokera apo pafupifupi bomba lililonse limagwera pomwepo. Woomberedwa amakhala ndi chisankho chowawa: akhale kuseri kwa khoma kudikira bomba limene likuyandikira, kapena adzuke athamange poyera pamene mfuti zikumudikira. Masewera a Flames of War, amene kampani ya Battlefront ya ku New Zealand inatulutsa mu 2002, amagwiritsa ntchito template ya ngodya zinayi, masentimita 15 mbali iliyonse, ndipo mlonda amapatsidwa mwayi katatu kuti apeze mtunda. M'masewera awiri onsewa, ntchito yaikulu ya bomba si kupha koma kugoneka anthu pansi, kuti asadzutse mutu.

Pamenepa olemba malamulo anaiwerenga bwino mbiri. Mu Juni 1916, pa mtsinje wa Somme ku France, mizinga ya Britain inalavula mabomba pafupifupi 1.5 miliyoni m'masiku 7. Akuluakulu a nkhondo ankakhulupirira kuti kutsogoloko sikudzatsala ngakhale khoswe. Koma Ajeremani anali m'maenje akuya, mabomba ambiri sanaphulike, ndipo mizinga itangoleka iwo anatuluka ndi mfuti zawo. Pa 1 Julayi pokha, asilikali a Britain 57,470 anafa, kuvulala kapena kusowa, ndipo akufa anali 19,240. Bomba logwera pa malo limavuta kupha msilikali wokumba dzenje. Amene limamupeza mosavuta ndi wopanda dzenje.

Apa ndi pamene mabuku ambiri a malamulo amakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko n'kolakwika. Patebulo, tinyumba timakhala topanda anthu. Kambale kakasochera n'kugwera pamudzi, wosewera amangoti ndaphonya, n'kutola madayisi ake. Mawu amenewo sangatuluke mopepuka m'boma la Dowa. Pafupi ndi boma pomwepo pali Dzaleka, malo amene anali ndende ya andale m'nthawi ya Dr Banda ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa othawa nkhondo. Anakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Kum'mawa kwa DRC, m'mapiri ozungulira Sake ndi Goma, funso la amene wagwira nsonga ndi amene ali kunsi likuyankhidwa ndi magazi. Mu Febuluwale 2024 bomba la mortar linagwera mumsasa wa asilikali a South Africa n'kupha awiri. Pa 3 Meyi chaka chomwecho mabomba anagwera m'misasa ya othawa nkhondo ku Mugunga ndi Lac Vert, kunja kwa Goma, ndipo mwa akufa munali ana. Mu Januwale 2025 asilikali atatu a Malawi anaphedwa kuderalo pamene gulu loukira la M23 linkayandikira Goma.

Nkhondo yeniyeni ili nalo lamulo lake pa nkhani imeneyi. Gawo 51 la pangano loonjezera pa mapangano a Geneva, la mu 1977, limaletsa kuphulitsa mzinda kapena mudzi wonse ngati chandamale chimodzi pamene malo a asilikali m'menemo ali patalipatali pakati pa anthu wamba. Masewera amene amadzitama kuti amatsata choonadi mpaka kuyeza kuchindikala kwa chitsulo cha kasinja alibe chifukwa chosiyira kunja lamulo limeneli.

Masewerawa sanazike mizu ku Malawi, ndipo bokosi la tiasilikali toitanitsa kunja si la thumba la mphunzitsi wa ku Kongwe kapena wa ku Malomo. Chodabwitsa n'chakuti ku Britain kuli makampani amene amaumba ndi kugulitsa tiankhondo tachingoni, tonyamula zishango ndi nthungo, ndipo anthu amene sanapondepo Dowa amasewera nato nkhondo za makolo a anthu a kuno. Koma kuti munthu asewere safunika bokosi. Ana a m'mapiriwa amaumba kale ng'ombe zadothi, amapinda magalimoto a waya, amasewera mpira wa zitsekerero za mabotolo. Dothi la pachulu lingaumbe phiri lokhala ndi mimba yake yeniyeni pakhonde la kalasi. Timitengo tozika mozungulira ndi linga. Masamba a msuku ndi nkhalango. Ulusi wokokedwa kuchokera pa chitsekerero china kufika pa china ndiye diso: ukakhudza dothi panjira, awiriwo sakuonana. Chivindikiro cha chitini ndiye kambale ka bomba, ndipo pensulo yozunguzidwa pansi ingalozere kumene lasochera.

Wina angade nkhawa kuti kuseweretsa ana nkhondo za Angoni ndi Achewa n'kutokosa zilonda. Nkhawayo ndi yomveka, koma ku Dowa ndi ku Ntchisi mitundu iwiriyi inakwatirana kalekale, ndipo mwana wa kwa Chiwere, wa kwa Msakambewa, wa kwa Vuso Jere kapena wa kwa Nthondo nthawi zambiri amakhala ndi agogo mbali zonse ziwiri. Mankhwala ake ndi kusinthana mbali masewera akatha, kuti amene anali pamwamba akayese kukwera, amene ankakwera akayese kusunga anthu paphiri lopanda madzi. Mwana amene wayesa zimenezo kawiri sadzafunikanso kuloweza pamtima chifukwa chimene makolo ake ankamangira midzi pamalo ovuta kufikako.

Tsono tiyerekeze tebulo lotere layalidwa, ndipo chaka chake ndi cha m'ma 1890. Osewera ndi atatu, monga mwa Kriegsspiel: woteteza mudzi, wobwera ndi mzinga, ndi woweruza wokhala ndi kope. Woteteza ali ndi zitsekerero 20. M'kati mwa chilichonse mwalembedwa chimene chikuimira: ankhondo a mauta, ankhondo a gogodera, amayi ndi ana, nkhokwe, mbuzi, ndipo zina zilibe kanthu. Zonse amaziika chovundikira, ndipo chitsekerero chimatembenuzidwa pokhapokha ulusi wa mdani utachifika osakhudza dothi, tsamba kapena mtengo wa linga. Wobwera ali ndi asilikali ochepa, mzinga umodzi, ndi amtengatenga asanu ndi mmodzi. Awiri mwa iwo akathawa kapena kulasidwa, mzinga suyendanso. Wopambana si wopha ambiri koma wolanda phiri, ndipo chitsekerero chilichonse cha amayi ndi ana chimene chafera pansi pa chivindikiro chimamuchotsera wobwerayo zambiri kuposa zimene ankhondo awiri akanamupatsa.

Woweruza aponya dayisi la nyengo. Lagwa pa 2: ndi m'mawa wa Julayi, nkhungu yatsika, ndipo kwa maulendo atatu oyamba ulusi sungapitirire dzanja limodzi kutalika. Wobwera apezerapo mwayi. Akankha asilikali ake m'chigwa mpaka kulowa pansi pa mimba ya phiri, pamene alonda a pansonga sangawaone ngakhale nkhungu itachoka. Woteteza, amene akuona zonse ndi maso ake a kabawi, alumaluma milomo, chifukwa woweruza wamukaniza kusuntha ankhondo ake: palibe mlonda amene waona kanthu. Ulendo wachinayi dzuwa latuluka. Mzinga wafika pa kachitunda kotsidya, ndipo ulusi wochokera pamenepo ukufika pa mitengo ya linga koma osalowa m'kati. Kuseri kwa mitengoyo kuli zitsekerero 9 zovundikira, zothinana.

Woombera ali ndi njira ziwiri. Angathe kudikira, kutuma mlonda akwere mwala wa kumanzere kuti akasuzumire m'lingamo, koma zimenezo zidya maulendo awiri ndipo mlondayo adutsa pamene mivi ikufika. Kapena angathe kuombera tsopano lino. Asankha kuombera. Aika chivindikiro pa chipata cha linga n'kuponya dayisi. Lagwa pa 3, waphonya. Woweruza azunguza pensulo, ndipo nsonga yake iima italoza m'kati mwa mudzi. Ayeza zala zinayi, asuntha chivindikiro, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono. Chaphimba zitsekerero zinayi.

Woweruza azitembenuza chimodzichimodzi. Choyamba chilibe kanthu. Chachiwiri ndi nkhokwe. Chachitatu ndi ankhondo a mauta. Pa chachinayi palembedwa kuti amayi ndi ana. Woweruza alemba m'kope mwake, achotsa zitsekerero zitatu pabwalo n'kuziika pambali pa phazi la woombera, kenako apereka dayisi kwa woteteza mudzi.